Kasankhidwe ka Rauta Yatsopano ya Wi-Fi ya Pakhomo: Yambani ndi Kuyeza, Kugula Kubwere Pambuyo

Intaneti ikayamba kuvuta m'nyumba, vidiyo n'kumaima pakati kapena mawu n'kumadukaduka pamene mukulankhula ndi munthu, chimene ambiri amayamba kuchiloza chala ndi rauta, kabokosi kamene kamagawa intaneti ku mafoni ndi makompyuta popanda mawaya. Nthawi zina rautayo imakhaladi yolakwa, koma nthawi zambiri vuto limakhala kwina, ndipo amene wathamangira kukagula yatsopano amabwera ndi katoni yokongola n'kupeza kuti palibe chimene chasintha. Ndondomeko ili m'munsiyi imayamba ndi kuyeza zimene muli nazo kale, kenaka kuona nyumba ndi zipangizo zanu, ndipo manambala akuluakulu olembedwa pa katoni, omwe ogulitsa amafuna kuti muyambe ndi iwo, aikidwa chakumapeto.

Choyamba: yezani intaneti imene imalowa m'nyumba

Rauta sipanga intaneti, imangogawa imene yalandira kuchokera ku kampani imene mumalipira, monga momwe mpopi sungatulutse madzi oposa amene paipi yabweretsa. Choncho musanaganize zogula chilichonse, tengani laputopu, muilumikize ku rauta yanu yakale ndi waya wa Ethernet, womwe ndi waya wolumikizira makompyuta pa netiweki, muzimitse Wi-Fi ya laputopuyo, kenaka mutsegule tsamba loyezera liwiro monga Speedtest kapena Fast.com. Lembani papepala manambala atatu: liwiro lolandirira, lomwe limalembedwa kuti download, liwiro lotumizira, lomwe limalembedwa kuti upload, ndiponso ping, yomwe ndi nthawi imene uthenga umatenga kuti upite ndi kubwerera. Mukatero chotsani wayayo, muyezenso pa Wi-Fi mutaima pafupi ndi rauta, ndipo pomaliza muyeze muli m'chipinda chimene intaneti imavuta kwambiri. Chitani zimenezi kawiri, m'mawa ndi madzulo, chifukwa madzulo ndi pamene anthu ambiri amakhala pa intaneti nthawi imodzi.

Pepalalo likuuzani kumene kuli vuto. Ngati liwiro ndi lochepa ngakhale pa waya, poyerekeza ndi limene mumalipirira, nkhani ili pakati pa inu ndi kampani yanu, kapena pa bowo la rauta limene tilione kutsogoloku, ndipo Wi-Fi yatsopano payokha sikuthandizani. Ngati pa waya zili bwino, pafupi ndi rauta zilinso bwino, koma kuchipinda liwiro lagwa, vuto ndi mtunda ndi makoma. Ngati pa waya zili bwino koma pa Wi-Fi zagwa kwambiri ngakhale mwaima pafupi, pamenepo rautayo yakalambadi kapena ikusokonezedwa ndi za anansi.

Powerenga manambalawa kumbukirani kuti makampani amayeza intaneti m'ma Mbps, kutanthauza ma megabiti pa sekondi, pamene kompyuta ikamakopera fayilo imaonetsa ma MB pa sekondi, ndipo MB imodzi ndi ma megabiti 8. Intaneti ya 100 Mbps imakopera pafupifupi 12.5 MB pa sekondi, kotero musadandaule kuti akuberani mukaona nambala 12. Dziwaninso kuti ntchito zambiri za pakhomo sizidya liwiro lalikulu monga momwe timaganizira: Netflix imalangiza 5 Mbps pa vidiyo ya 1080p ndi 15 Mbps pa ya 4K.

Chachiwiri: dziwani mtundu wa intaneti yanu

Apa ndi pamene anthu amagula chinthu chabwino koma chosagwirizana ndi nyumba yawo. Rauta ndi modemu ndi zinthu ziwiri zosiyana, ngakhale kuti makampani ambiri amaziphatikiza m'bokosi limodzi. Modemu ndi imene imalankhulana ndi chingwe chochokera kunja, ndipo rauta ndi imene imagawa za m'nyumba. Ngati intaneti yanu imabwera ndi faiba, pamakhala kabokosi kotchedwa ONT kamene faibayo imatherapo, ndipo rauta yatsopano imalumikizidwa kumeneko ndi waya wa Ethernet kudzera pa bowo lolembedwa kuti WAN. Ngati imabwera pa waya wa telefoni, mufunika modemu ya DSL kapena rauta yokhala nayo m'kati. Ngati mumadalira SIM khadi, mufunika rauta ya 4G kapena 5G yokhala ndi polowetsa khadilo, ndipo muonetsetse kuti imamva mafunde amene kampani yanu ya mafoni imagwiritsa ntchito komanso kuti sinamangidwire kampani imodzi yokha. Musasokoneze 5G ya makampani a mafoni ndi 5 GHz ya Wi-Fi, pakuti ndi zinthu zosiyana kotheratu ngakhale marauta ena amalemba "5G" kumapeto kwa dzina la netiweki yawo ya 5 GHz.

Imbirani kampani yanu n'kuifunsa mafunso atatu: ngati imalola kugwiritsa ntchito rauta yanuyanu, ngati polumikiza pamafunika dzina ndi pasiwedi ya PPPoE, njira imene makampani ena amazindikirira nayo kasitomala, ndiponso ngati pali nambala ya VLAN, yosonyeza gawo la netiweki ya kampaniyo, yoti ilowetsedwe. Ngati bokosi la kampani silingachotsedwe, funsani ngati lingaikidwe pa bridge mode, kutanthauza kuti lisiye kugawa n'kungodutsitsa intaneti kupita ku rauta yanu. Likakhala kuti silingatero, rauta yatsopanoyo muiike pa access point mode, kutanthauza kuti izingofalitsa Wi-Fi n'kusiyira bokosi la kampani ntchito yogawa, popeza marauta awiri ogawa motsatizana amayambitsa vuto lotchedwa double NAT, limene limasokoneza magemu a pa intaneti ndi makamera amene mumafuna kuwaona muli kutali.

Chachitatu: onani nyumba yanu

Gawo ili ndi limene limalamula zambiri, kuposa mtundu wa rauta. Wi-Fi imayenda pa mafunde a wailesi a magulu atatu. A 2.4 GHz amafika patali ndipo amaboola makoma bwinoko, koma ndi ochedwa komanso odzaza, chifukwa Bluetooth, uvuni wa mayikulowevu ndi marauta a anansi onse amakanganirana pomwepo, ndipo matchanelo amene sapondana alipo atatu okha: 1, 6 ndi 11. A 5 GHz ndi othamanga ndipo ali ndi malo ambiri, koma amafooka msanga akakumana ndi khoma. A 6 GHz ndi opanda phokoso kwambiri, koma safika patali kuposa a 5 GHz, ndipo kugwiritsidwa ntchito kwake kumadalira ngati malamulo a dziko limene mukukhala awalola.

Makoma si ofanana. Khoma la matabwa limadya mafunde pang'ono chabe, la njerwa limadya ochulukirapo, ndipo la konkire yokhala ndi zitsulo m'kati likhoza kuwamaliza. Zitsulo, magalasi oyang'anirapo nkhope akuluakulu, firiji ndi thanki ya madzi nazonso zimatchinga. Tengani foni, muyende nayo chipinda ndi chipinda mukuyeza liwiro, ndipo mujambule kamapu ka nyumba kosonyeza pamene zili bwino ndi pamene zafa. Kenaka, musanawononge ndalama, sunthani rauta yakaleyo. Nthawi zambiri imakhala pansi kuseri kwa TV, pakona ya nyumba pamene waya wa kampani unalowera, ikutaya theka la mphamvu zake panja. Ikwezeni pa shelefu, poyera, chapakati pa nyumba, muyezenso. Si zachilendo kuti vuto lonse lithere pomwepa.

Ngati nyumba ndi yaing'ono kapena yapakati ndipo ndi yosasanja, rauta imodzi yabwino yoikidwa pakati imakwana. Ngati ndi yosanja, yaitali ngati sitima, kapena ya makoma ochindikala, rauta imodzi sikwanitsa ngakhale ikhale ndi maeriyo asanu ndi atatu, pa chifukwa chimene ambiri sachiganizira: kulankhulana ndi kwa mbali ziwiri. Rauta ikhoza kufuula mpaka kumveka kuchipinda chakutali, koma foni yanu, yokhala ndi batire laling'ono ndi eriyo yaing'ono, iyenera kuyankha kudutsa makoma omwewo, ndipo mawu ake safika. N'chifukwa chake nthawi zina foni imaonetsa timizere ta Wi-Fi todzaza koma tsamba osatseguka.

Nyumba yotere imafuna malo awiri kapena atatu ofalitsira Wi-Fi, ndipo njira zake zilipo zitatu. Yabwino koposa, ngakhale ili yotopetsa, ndi kuyala waya wa Ethernet kuchokera pa rauta kukafika kumene kukuvuta n'kuikako access point yachiwiri. Waya wa Cat5e umanyamula 1000 Mbps mpaka mtunda wa mamita 100, ndipo suona khoma. Yachiwiri ndi mesh, timabokosi tiwiri kapena titatu togulitsidwa pamodzi timene timagwiritsa ntchito dzina limodzi la netiweki n'kumapatsirana foni yanu pamene mukuyenda m'nyumba. Posankha mesh, yang'anani yokhala ndi mabowo a Ethernet pa kabokosi kalikonse, kuti tsiku lina mudzatilumikize ndi waya, kapena ya magulu atatu a mafunde, imene ikhoza kupatula gulu limodzi kuti timabokosito tizilankhulirana. Yachitatu ndi extender, kachipangizo kotchipa kongolowetsa pa soketi. Ine sindiyamikira njira imeneyi, chifukwa extender ikamalandira ndi kutumiza pa wailesi imodzimodzi liwiro limatsika pafupifupi ndi theka, ndipo ikaikidwa m'chipinda chomwe mafunde afika kale ofooka imangobwereza kufookako mokweza.

Chachinayi: werengani zipangizo zanu

Lembani chilichonse chimene chimalowa pa Wi-Fi: mafoni, malaputopu, TV, pulinta, makamera, mababu oyatsa ndi foni. Kenaka fufuzani m'badwo wa Wi-Fi umene zipangizo zikuluzikulu zili nawo. Kuyambira mu 2018, bungwe la Wi-Fi Alliance linayamba kutchula mibadwoyi ndi manambala osavuta. Wi-Fi 4 ndi 802.11n ya mu 2009, Wi-Fi 5 ndi 802.11ac ya mu 2013, Wi-Fi 6 ndi 802.11ax imene zipangizo zake zinayamba kuvomerezedwa mu 2019, Wi-Fi 6E ndi Wi-Fi 6 yomweyo koma yowonjezera mafunde a 6 GHz, ndipo Wi-Fi 7 ndi 802.11be imene inayamba kuvomerezedwa mu Januwale 2024.

Rauta yatsopano imalandira zipangizo zakale, koma rautayo siziwonjezera luso limene zilibe: foni ya Wi-Fi 5 ikalumikizidwa ku rauta ya Wi-Fi 7 imayendabe ngati Wi-Fi 5. Maganizo anga ndi akuti kwa mabanja ambiri Wi-Fi 6 ndiye poyenera kuyambira. Ubwino wake waukulu suli pa liwiro la chipangizo chimodzi, koma pa luso lotchedwa OFDMA, limene limadula tchanelo imodzi m'tizigawo kuti zipangizo zingapo zitumikiridwe nthawi imodzi m'malo moima pa mzere. Wi-Fi 6E kapena 7 ndi yoyenera ngati muli kale ndi zipangizo zomva 6 GHz, intaneti yothamanga kwambiri, kapena mukukhala m'nyumba zothinana pamene foni imaonetsa manetiweki a anansi ambirimbiri. Ngakhale pamenepo werengani mosamala, chifukwa pali marauta ena olembedwa Wi-Fi 7 amene alibe 6 GHz. Ya Wi-Fi 4 yokha, yomva 2.4 GHz basi, isiyeni pa shelefu ngakhale itsitsidwe mtengo bwanji.

Komabe 2.4 GHz mukuifunabe, popeza mababu, masoketi ndi makamera ambiri samva china. Sankhani rauta imene imalola kupatula mafunde awiriwa n'kuwapatsa mayina osiyana, chifukwa tizipangizo timeneti nthawi zina timakana kulumikizika pa dzina lophatikiza.

Chachisanu: werengani katoni ngati munthu wokayika

Nambala yaikulu ya pa katoni, monga AC1200, AX1800 kapena AX3000, si liwiro limene chipangizo chilichonse chingaone. Ndi kuphatikiza kwa magulu onse a mafunde. AC1200 ndi 300 Mbps ya pa 2.4 GHz kuphatikiza 867 Mbps ya pa 5 GHz, n'kukweza pang'ono kuti nambala ioneke bwino. AX1800 ndi 574 kuphatikiza 1201, ndipo AX3000 ndi 574 kuphatikiza 2402. Kupatula pa Wi-Fi 7, imene ili ndi luso lolumikiza magulu angapo nthawi imodzi, foni imakhala pa gulu limodzi basi, ndipo ngakhale pa gulu limenelo liwiro lenileni limakhala locheperapo ndithu poyerekeza ndi lolembedwa, popeza gawo lina limathera pa mauthenga oyendetsera kulumikizanako. Mafoni ndi malaputopu ambiri ali ndi maeriyo awiri okha, choncho rauta yamaeriyo anayi sichulukitsa kawiri liwiro la foni imodzi.

Chimene muyenera kuchiyang'anitsitsa chili m'zilembo zing'onozing'ono zam'mbali: liwiro la mabowo a waya. Ine ndinaphunzira izi mowawa. Ndinagula rauta yolembedwa AC1200 ndikuganiza kuti ndatola, ndinailumikiza, ndipo muyezo uliwonse unkaima pa 94 Mbps, pa waya ndi pa Wi-Fi pomwe, pamene intaneti imene ndinkalipirira inali yoposa pamenepo. Ndinasintha mawaya, ndinasintha matchanelo, ndinazimitsa ndi kuyatsa kangapo, mpaka pamene ndinatembenuza katoni n'kuona mawu akuti 10/100 pafupi ndi WAN. Bowo lolowera intanetilo linali la 100 Mbps, ndipo zonse zodutsa pamenepo sizikanapitirira. Choncho funani mawu akuti Gigabit kapena 10/100/1000 pa WAN ndi pa LAN pomwe (LAN ndi mabowo olumikizirapo zipangizo za m'nyumba ndi waya), ndipo ngati intaneti yanu ikuposa 1000 Mbps, funani bowo la 2.5G, ndiye kuti la 2500 Mbps. Werenganinso kuchuluka kwa mabowo a LAN, chifukwa TV ndi kompyuta ya pa desiki, zomwe sizisuntha, ndi bwino kuzilumikiza ndi waya kuti Wi-Fi itsalire mafoni.

Chachisanu ndi chimodzi: chitetezo ndi moyo wa rautayo

Rauta ndi kakompyuta kamene kamayaka usana ndi usiku kali pakhomo lolowera nyumba yanu yonse ya pa intaneti, ndipo pulogalamu yake ya m'kati, yotchedwa firmware, imapezeka ndi ming'alu ngati pulogalamu ina iliyonse. Mu 2016 pulogalamu yoipa ya Mirai inalanda makamera ndi marauta ambirimbiri pongoyesa mapasiwedi amene zipangizozo zinabwera nawo kuchokera ku fakitale. Mu 2017 wofufuza Mathy Vanhoef anaulula mng'alu wa KRACK mu WPA2, njira yotetezera Wi-Fi ndi pasiwedi, ndipo zipangizo zinatetezeka pokhapokha opanga ake atatulutsa zokonza. Mu 2018 VPNFilter inalowa m'marauta a m'nyumba ndi m'maofesi ang'onoang'ono mpaka FBI, nthambi ya apolisi ofufuza ya ku America, inapempha anthu kuti azimitse ndi kuyatsanso marauta awo.

Chotero musanagule, pitani pa tsamba la kampani yopanga rautayo, mulembe nambala ya mtundu wake, muone deti limene firmware yomaliza inatuluka ndiponso ngati mtunduwo suli pa mndandanda wa zimene anasiya kuzisamalira. Rauta imene yakhala zaka zingapo osalandira zokonza ndi yakale ngakhale katoni yake ikhale yosatsegula. Sankhani yotha kukopera zokonza yokha, yokhala ndi WPA3, njira yotetezera imene inalengezedwa mu 2018, komanso yolola WPA2 ndi WPA3 kuyendera limodzi kuti zipangizo zakale zisatsekeredwe kunja. Ikhalenso ndi netiweki ya alendo, yomwe imapatsa mlendo intaneti popanda kumuonetsa makompyuta anu. Kwa okonda kusula zinthu okha, ndi bwino kuona ngati mtunduwo umalandira OpenWrt, pulogalamu yaulere imene ikhoza kutalikitsa moyo wa rauta opanga ake atayisiya.

Pali zinanso ziwiri zofunsa. Marauta ena salola kukhazikitsidwa popanda kutsegula akaunti ndi kampani yake, ndipo ena amabisa ntchito monga zoletsera ana kuseri kwa malipiro a mwezi ndi mwezi, choncho dziwani zimenezi musanapereke ndalama. Ndipo ngati kwanu mawu amadukaduka pa foni ya vidiyo nthawi imene wina akutumiza mafayilo akuluakulu, funani rauta yokhala ndi SQM, luso limene limakonza mzere wa mauthenga kuti ang'onoang'ono ofulumira asatsekerezedwe ndi akuluakulu. Pa intaneti ya liwiro lotumizira lochepa, luso limeneli limamveka kwambiri kuposa kukwera m'badwo wa Wi-Fi.

Chomaliza: gulani mwanzeru, lumikizani, yezaninso

Pofika apa muyenera kukhala ndi mitundu iwiri kapena itatu yokha pa pepala. Werengani ndemanga za anthu amene akhala nayo miyezi ingapo, makamaka odandaula kuti imatentha kapena imadzizimitsa yokha, ndipo gulani kumene amalola kubweza, popeza palibe angadziwiretu mmene makoma anu achitire. Sungani katoni ndi lisiti mpaka mutakhutira.

Polumikiza, zimitsani modemu kapena ONT kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, lowetsani waya wake pa bowo la WAN, yatsani modemu poyamba ndipo rauta pambuyo. Tsegulani tsamba loyendetsera rautayo pa adiresi yolembedwa kunsi kwake, yomwe nthawi zambiri imakhala 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1. Chinthu choyamba kusintha ndi pasiwedi yolowera pa tsamba limeneli, imene ndi yosiyana ndi ya Wi-Fi, ndipo chachiwiri ndi kukopera firmware yatsopano. Zimitsani WPS, njira yolumikizira chipangizo podina batani kapena kulowetsa nambala m'malo mwa pasiwedi, popeza mu 2011 Stefan Viehböck anaonetsa kuti nambala yake ya manambala 8 imayesedwa m'zigawo ziwiri, kotero wakuba amangofunika kuyesa kosaposa pafupifupi 11,000. Zimitsaninso kuyendetsa rauta muli kunja kwa nyumba ngati simukufuna ntchito imeneyi. Mukaipatsa rauta yatsopano dzina la netiweki ndi pasiwedi zofanana ndi za yakale, zipangizo zambiri zimalumikizika zokha, koma chitani zimenezi pokhapokha pasiwedi yakaleyo inali yaitali ndipo sinafalikire kwa anthu ambiri.

Tsopano tengani pepala la pa gawo loyamba lija, muime pa malo atatu omwe aja, pa waya, pafupi ndi rauta, ndi kuchipinda chovuta chija, muyeze m'mawa ndi madzulo kwa masiku angapo, n'kulemba manambala atsopano pambali pa akale. Ngati kuchipinda kuja sikunasinthe, sunthani rauta kamodzi kapena kawiri. Zikakanikabe, ibwezeni nthawi yobwezera isanathe n'kubwerera ku gawo lachitatu. Rauta yakaleyo musaitaye ili ndi mapasiwedi anu m'kati: dinani kabatani ka reset kumbuyo kwake ndi kachitsulo kosongoka, mukagwire mpaka nyali zake zithime ndi kuyakanso, ndipo ngati ikulandirabe zokonza, ikhoza kukhala access point yanu yachiwiri kumapeto kwa waya wopita kuchipinda chakutali.